PAKHONDE PATHU: Galimoto ya zitseko ziŵiri

Mwezi uno tinali ku Livingstone kukacheza ndi abale, ndipo nkhani imene takutengerani tinaitola pabwalo la tchalitchi itangotha Misa yachiŵiri.

Anthu ali m'kati motuluka, tinaona anyamata a m'kwaya ndi otumikira ku guwa ataunjikana pamalo amodzi ngati nyerere pa chitsotso cha nzimbe. Titasendera pafupi tinapeza kuti azinga kagalimoto kofiira, kakafupi kosapitirira pachifuwa cha munthu wamkulu, ka zitseko ziŵiri zokha. Mwini wake, mnyamata waulemu wogwira ntchito pa hotela ina ya m'mbali mwa Zambezi, anali atatsegula kutsogolo kuti anzakewo aone injini. Tili chiimire, mayi wina wachikulire wovala chitenje cha bungwe la amayi anatikodola natitengera pansi pa mtengo.

"Inu a Pakhonde," anatero mayiwo motsitsa mawu, "ndithandizeni nzeru. Uyo ndi mwana wanga wachisamba, ndipo atate ake anatisiya kale. Wasunga ndalama zaka zinayi. Ine ndinkati agula malo, kapena galimoto yoti nkutinyamula tonse. Tsono taonani chimene wabweretsa. Lero ndabwera pa takisi chifukwa mawondo angaŵa sangapindike kuti ndiloŵe m'menemo. Iye akuti ndikapemphe abambo mfumu kuti aidalitse. Kodi ndipite? Kodi Mulungu amadalitsa choseŵeretsa?"

Sitinaŵayankhe pomwepo. Akulu anati safunsa anadya phula, choncho tinaŵapempha kuti atilole tiyambe tacheza ndi mwini galimoto, timve chimene anagula ndi chifukwa chake.

Galimotoyo dzina lake ndi Toyota 86. Inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2012, ndipo anaipanga mothandizana makampani aŵiri a ku Japan, Toyota ndi Subaru. A Subaru amagulitsa mphasa yake pa dzina la BRZ, ndipo zonse ziŵiri zimatuluka m'fakitale imodzi m'chigawo cha Gunma. Nambala ya 86 inatengedwa kwa kholo lake, Corolla ina yaing'ono yotchedwa AE86, imene inapangidwa kuyambira 1983 mpaka 1987. Achinyamata a ku Japan anaikonda kwambiri Corolla imeneyo chifukwa inali yotsika mtengo ndi yopepuka, ndipo usiku ankakwera nayo m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri nkumaitererekesa dala pamakona. Maseŵera amenewo ndiwo lero amatchedwa drifting. Tikumbukire mfundo imodzi, pakuti tidzaifuna kutsogoloku: maseŵeraŵa anayambira m'misewu ya anthu onse, koma pamene anakula ndi kulandira ulemu anali atasamukira m'mabwalo otchingidwa, kumene kulibe mwana wodumpha msewu.

Amene anapanga 86 anafuna zinthu zitatu. Choyamba, ikhale yoti munthu wa pantchito angathe kuigula. Ku Japan yotsikitsitsa inayamba pa mtengo wa pafupifupi ma yen 2 miliyoni, ndipo ku America pafupifupi madola 25,000, pamene magalimoto othamanga a maina akuluakulu amadya ndalama zoterozo kasanu kapena kakhumi. Chachiŵiri, ikhale yopepuka: imalemera makilogalamu pafupifupi 1,250, pamene Land Cruiser imapitirira matani aŵiri. Injini yake ndi ya malita aŵiri, ya mphamvu ya akavalo 200, ndipo masilinda ake anayi anagona cham'mbali, aŵiri uku aŵiri uku, kuti kulemera kukhale pansi ndipo galimoto isamapendame pokhota. Chachitatu, ndipo apa ndiye pagona nkhani, injini izizunguza matayala akumbuyo.

Tilongosole pang'ono, pakuti ambiri a ife timangokwera galimoto osadziŵa chimene chikuiyendetsa. Magalimoto ang'onoang'ono amene adzaza misewu yathu masiku ano, monga Corolla, Vitz ndi ambiri mwa matakisi a mu Livingstone, amakokedwa ndi matayala akutsogolo monga ng'ombe zikokera ngolo. Kumene zaloza ng'ombe, ngolo imatsata. Koma 86 ili ngati njinga yakapalasa: gudumu lakutsogolo ntchito yake nkuwongolera, lakumbuyo nkukankha. Aliyense amene anapalasapo njinga akudziŵa chimene chimachitika ukaponda mwamphamvu pokhota pamalo pa mchenga. Gudumu lakumbuyo limathaŵira kumbali, ndipo ukapanda kuchenjera umadzuka ukudzisansa fumbi. Tayala lili ndi mphamvu yoŵerengeka yogwirira msewu. Ikathera pa kukankha, siitsalako yokhotera. Opanga 86 anaiveka dala matayala opyapyala, ofanana ndi a galimoto yofatsa ija ya Prius, kuti kumbuyo kuzitaya msewu msanga, woyendetsa azimva kukoma kokubweza ndi chiwongolero. Kumene kuli kukoma kwa galimotoyi nkomwenso kuli ngozi yake.

Akuluakulu a mu Livingstone atiseka tikanena kuti zimenezi nzachilendo. M'zaka za m'ma 1970 mumzinda womwewu munali fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, imene inkalumikiza magalimoto a Fiat, ndipo Fiat 131 ndi Fiat 132 zonse zinali zokankhidwa ndi matayala akumbuyo. Peugeot 504, imene inali mfumu ya misewu ya fumbi kuyambira ku Chipata mpaka ku Mongu, inali chimodzimodzi. Atate athu anayendetsa magalimoto otere moyo wawo wonse. Kusiyana kwake nkwakuti awo anali ndi zitseko zinayi, ndipo Loŵeruka ankanyamula banja lonse, thumba la chimanga ndi nkhuku ziŵiri za agogo.

Tsono timvereni mnyamatayo, pakuti mlandu suzengedwa mbali imodzi. "Atate," anatiuza, "ine sindimwa moŵa, sindisuta fodya. Anzanga malipiro awo amathera m'mabala, ndipo palibe amene amaŵafunsa. Ine kuyambira ndili mwana ndinkapanga magalimoto a mawaya nkumaŵayendetsa m'fumbi la ku Maramba, ndipo ndinkadziuza kuti tsiku lina ndidzakhala ndi yeniyeni. Sindinabe, sindinatenge ngongole. Kodi nkulakwa kuti mwana wa mayi wamasiye akondwereko ndi thukuta lake?"

Tinene poyera kuti sikulakwa. Chipembedzo chathu sichidana ndi chimwemwe. Chozizwitsa choyamba cha Ambuye Yesu chinachitikira pa phwando la ukwati ku Kana, ndipo Yohane Bosco Woyera anakopera anyamata ambiri kwa Mulungu ndi maseŵera. Luso la mmisiri wopanga chinthu choyenda bwino ndi mphatso ya Mlengi, monganso luso la wosema mtondo kapena woumba mbiya. Ndiponso pali chinthu china chimene tinachikonda pa galimotoyi. Pamene makampani ambiri anali kupikisana kupanga magalimoto aakulu, olemera ndi amphamvu zopitirira muyeso, opanga 86 anasankha kuchepetsa. Anati munthu angathe kusangalala ndi zochepa ngati zochepazo zakonzedwa bwino. Limenelo ndi phunziro limene Mkristu sangalikane. Mnyamata amene wadzimana zaka zinayi kuti apeze chimene mtima wake ukufuna ali ndi khalidwe limene ambiri a ife tilibe.

Komabe mayi aja sanali kulira chabe. Mawu onse atatu amene amatamandira galimotoyi, akuti njotsika mtengo, njopepuka, njokoma kuyendetsa, amanenedwa ndi munthu amene wakhala pa chiwongolero. Ife tikufuna tiŵayese ndi muyeso wa anthu amene ali kunja kwa galimoto, ndiwo a m'nyumba mwake ndi a mumsewu.

Tiyambe ndi mtengo. Kutsika mtengo kumayesedwa ndi thumba la wogula. Chimene chili chotsika kwa kalaliki wa ku Tokyo ndi malipiro a zaka zingapo kwa mnyamata wa kuno. Nzoona kuti ambiri amagula zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan, zimene zimatiyenera chifukwa nawonso amayenda kumanzere kwa msewu monga ife. Zimatsikira pa madoko a Dar es Salaam, Durban kapena Walvis Bay, ndipo zina zimaloŵera pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Koma walira mvula walira matope. Ukalipira sitima ndi msonkho wa pachipata, kukudikira inshuwalansi, msonkho wa pamsewu ndi chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino, chaka ndi chaka. Zipangizo za Corolla umazipeza pamsika uliwonse, koma za injini yogona cham'mbali umaziitanitsa kutali nkudikira. Makanika wa pansi pa mtengo amene amasula Corolla atatsinzina amayamba wakanda m'mutu, pakuti ngakhale mapulagi anabisala m'mbali mothina. Mimba ya galimotoyi yatalikira pansi masentimita 13 okha, kotero kuti hampu iliyonse ndi dzenje lililonse la m'nyengo ya mvula ndi mdani wake. Wofuna kugula yakale afunsenso ngati inakonzedwa pamene makampani aŵiriŵa, mu 2018, anaitanitsa zopangidwa m'zaka zoyambirira kuti akasinthe masipuling'i a mavavu a mu injini. Zonsezi ndi ndalama, ndipo m'nyumba ya mayi wamasiye kwacha iliyonse imene yapita ku galaja yachoka pa fizi ya mlongo wake kapena pa malata a nyumba.

Kenaka tione zitseko. Kumbuyo kuli timipando tiŵiri, koma munthu wamkulu akakhalapo mawondo amagunda chibwano. Kumaiko kumene inapangidwira zimenezi sizidetsa nkhaŵa, pakuti mnyamata amakhala yekha, makolo ali ndi galimoto yawo, ndipo wina akadwala usiku ambulansi imabwera. Kwathu kuno sizili choncho. Galimoto yoyamba kuloŵa pa banja imakhala ya mtundu wonse ngakhale kalata yake ili m'dzina la munthu mmodzi. Ndiyo imathamangitsira mlamu wapakati ku chipatala pakati pa usiku. Ndiyo imapita ndi ufa ndi nkhuni ku maliro. Ndiyo imatenga agogo kupita nawo ku Misa ya Pasaka. Ena adzati umenewu ndi mtolo wosayenera kuusenzetsa achinyamata, ndipo nzoona kuti pali abale amene amayesa mwana wa pantchito ngati munda wawo. Ifenso khalidwe limenelo talidzudzula kangapo pakhonde pano. Komabe mnyamata uja anaphunzira sukulu ndi ndalama za tomato ndi kapenta amene mayi ake ankagulitsa pamsika. Iye anakwera pamsana pa anthu ambiri kuti afike pamene ali. Pogula galimoto yokwana anthu aŵiri, ananena mawu kwa abale ake ngakhale sanatsegule pakamwa, ndipo mayi ake anaŵamva.

Chachitatu ndi msewu. Madzulo a tsiku lomwelo mnyamatayo anatipempha kuti tikwere, timve tokha mmene galimoto yake imayendera. Tinaloŵa mochita kudzipinda ngati tikuloŵa m'khola la nkhunda, ndipo tinatsetsereka ndi msewu wa Mosi-oa-Tunya. Amene simunafikeko, umenewu ndiwo msana wa mzinda wa Livingstone. Umabwera kuchokera ku Lusaka, nkudutsa pakati pa tauni pamene pali msika wa zosemasema wa Mukuni Park, nyumba yakale ya kanema ya Capitol ndi nyumba yosungiramo zakale ya Livingstone Museum, nkupitirira makilomita pafupifupi khumi kukafika ku mathithi ndi ku mlatho wa 1905 wooloka kupita ku Zimbabwe. Dzina lake ndi la mathithi omwewo, utsi umene umagunda ngati bingu, amene David Livingstone anaŵaona mu November 1855.

Tivomere kuti tinamva kukoma. Galimotoyo imamvera dzanja ngati kavalo woŵetedwa bwino. Ukangoganiza zokhota, yakhota kale. Tinamvetsa chimene chinadya mtima wa mnyamatayo. Koma popeza ife sitinali pa chiwongolero, maso athu anali kunja, ndipo tinayamba kuŵerenga amene tinali kugaŵana nawo msewu. M'tauni munali ana ochokera ku katekisimu atagwirana manja, amayi osenza madengu, ndi alendo a maiko akutali amene podumpha msewu amayang'ana mbali yolakwika chifukwa kwawo magalimoto amayenda kumanja. Titatuluka m'tauni tinapeza abambo apanjinga atasanjikiza katundu kuposa mitu yawo, amene amapita naye kukagulitsa kumalire, njinga zikuyenda mopepesuka. Panali malole aataliatali olemedwa ndi katundu, ndi anyani ongoyendayenda pafupi ndi chipata. Ndipo titawoloka mtsinje wa Maramba mnyamatayo anatiuza yekha kuti m'chilimwe njovu zimadumpha msewu umenewu madzulo ndi usiku, pakuti umadutsa m'mphepete mwa nkhalango ya Mosi-oa-Tunya. Njovu yaimuna imatha kulemera matani asanu, ndipo mumdima khungu lake silisiyana ndi phula.

Apa tiŵerengere pamodzi, masamu ake ngosavuta. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Ikafika pa 120 imadya mamita 33. Munthu wamaso, wosaledzera, amatha sekondi yathunthu kapena kuposerapo kuchokera pamene waona chinthu kufika pamene phazi lagunda buleki. Ndipo liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mtunda woti galimoto iime suŵirikiza kaŵiri koma kanayi. Nanga phindu lake nchiyani? Kuchokera m'tauni kukafika ku mathithi pa 60 ndi mphindi khumi. Pa 120 ndi mphindi zisanu. Munthu amaika moyo wa mwana wa mnzake pa chiswe kuti apulumutse mphindi zisanu zimene akazitaya poimirira nkumajambulitsa galimoto yake. Onjezanipo mchenga umene mphepo imakokolera m'mbali mwa phula, kapena mvula yoyamba ya mu November imene imayandamitsa mafuta ndi fumbi la miyezi isanu ndi umodzi, ndipo galimoto imene inapangidwa kuti kumbuyo kwake kuziterereka idzachita zomwe inapangidwira popanda kufunsa mwini wake.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, kuti oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, apanjinga ndi a njinga zamoto, ndi kuti palibe china chimene chimapha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa msewu. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Afirika ndiye amataya ambiri. Ife a m'miphakati sitifunikira kuuzidwa ndi a ku Geneva. Tikudziŵa nyumba zimene tinakagonako pa maliro otere, ndipo tikudziŵa kulira kwa matayala kumene timamva usiku wa Loŵeruka anyamata akuzunguza ma Altezza ndi ma Mark X pamphambano, anzawo akuimba mluzu.

Eklezia sanakhale chete pa zimenezi. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka mu 1992, pofotokoza lamulo lachisanu loletsa kupha, amaika pamodzi kuledzera ndi kukonda liŵiro, ndipo pa ndime 2290 amaphunzitsa kuti woika moyo wake ndi wa anzake pa ngozi mwa njira zimenezi wachimwa kwakukulu. Onani kuti tchimolo silidikira kuti munthu agundidwe. Limachitika pamene phazi laponda, ngakhale onse afike kwawo ali bwino. Ndi angati a ife amene tinaululapo liŵiro m'sakramenti la kulapa? Mu 2007 ofesi ya ku Vatican yoona za anthu a paulendo, motsogozedwa ndi Kadinala Renato Martino, inatulutsa malangizo a utumiki wa pamsewu, m'mene munali malamulo khumi a oyendetsa galimoto. Limodzi mwa iwo linachenjeza kuti galimoto isasanduke chida choonetsera mphamvu ndi kupondereza ena. Ameneŵa ndi mayeso a aliyense, wa lole ndi wa minibasi yemwe, koma amakula pamene galimoto ili yofiira, yolira mokoma, ndipo anyamata a m'kwaya akukuyang'ana.

Tsono tibwerere ku funso la mayi aja. Kodi Mulungu amadalitsa choseŵeretsa? Mu November 2017 kampani ya Lamborghini inapatsa malemu Papa Fransisko galimoto yothamanga kwambiri, ya zitseko ziŵiri, yoyera ndi mizere yagolide. Papa sanaikane ndipo sanainyoze. Anaidalitsa, nalembapo dzina lake, kenaka analamula kuti igulitsidwe. Mu May 2018 inagulidwa pa mtengo wa ma euro 715,000, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo linapita kukamanganso nyumba ndi matchalitchi a Akristu a m'chigwa cha Nineve ku Iraq amene anathaŵa nkhondo. Sitikunena kuti mnyamata wathu achite chimodzimodzi. Iye si Papa, ndipo galimoto yake sanachite kupatsidwa. Chimene tikuona nchakuti m'manja mwa Papa dalitso ndi funso lakuti chinthuchi chithandiza yani zinayendera limodzi.

Umo ndi mmene Eklezia amadalitsira. Wansembe akawaza madzi pa galimoto sakuimangira chithumwa. Madzi odalitsidwa safupikitsa mtunda wa mabuleki, ndipo korona yopachikidwa pa galasi siibweza matayala amene ataya msewu. Pemphero la dalitso limapempherera anthu amene adzagwiritse ntchito chinthucho, kuti ayende mosamala ndi moganizira anzawo. Wopempha dalitso akupereka galimoto yake m'manja mwa Mulungu, ndipo chimene wapereka kwa Mulungu sungachitengenso usiku nkukachita nacho zimene ukufuna. Ngakhale Kristofa Woyera, amene chithunzi chake oyendetsa ambiri amamata pafupi ndi chiwongolero, timamkumbukira pa chinthu chimodzi chokha: ananyamula mwana pa phewa namuwolotsa mtsinje. Nkhoswe ya apaulendo ndi munthu amene ananyamula wina.

Choncho tinaŵayankha mayi aja motere. Pitani kwa abambo mfumu, musachite manyazi, pakuti mwana amene akufuna dalitso sanatayike. Koma musanapite, khalani pansi inu, mwana wanu ndi atsibweni ake, mukambirane zinthu zitatu. Choyamba, ndalama za fizi ndi za pakhomo zipatulidwe mwezi uliwonse galimoto isanalandire gawo lake, kuti pasadzakhale tsiku limene mlongo wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha tayala. Chachiŵiri, popeza galimotoyi singanyamule banja, mwini wake avomere kuti udindo wonyamula banja sunachoke pa iye. Odwala akafuna kupita ku chipatala kapena maliro akagwa, takisi alipire ndiye, mosang'ung'udza. Chachitatu, ngati akufuna kuphunzira kuitererekesa, akachitire pamalo otchingidwa pamodzi ndi a maseŵera a magalimoto, atavala chisoti ndi lamba. Dziko lino lili ndi mbiri yabwino pa maseŵera ameneŵa. Satwant Singh anakhala katswiri wa Afirika yense kambirimbiri, ndipo ulemu umenewo anaupeza pa mipikisano yokonzedwa, osati pakati pa ana a sukulu. Msewu wa Mosi-oa-Tunya ndi wa wapanjinga uja ndi katundu wake, monganso uli wa mwini 86.

Kwa makolo ena amene muli ndi nkhani yonga imeneyi, tikuti musafulumire kutemberera. Mwana amene mwamutcha chitsiru pamaso pa anzake sabweranso kudzafunsa nzeru, ndipo adzakaonetsa ukali wake pa chiwongolero. Kwa achinyamata amene mukusunga ndalama ndipo mitima yanu ili pa galimoto yotere, tikuti musanatumize ndalamazo ŵerengani anthu amene amadya m'nyumba mwanu, muŵerengenso mipando. Mukaona kuti zikugwirizana, kapena mwapeza njira yoti otsalawo asatsalire, gulani ndi mtima woyera ndipo musangalale nayo. Mukaona kuti sizikugwirizana, dikirani. Opanga sanaleke, mu 2021 anatulutsa ina yatsopano yotchedwa GR86, ndipo za lerozi nazo zidzakhala zakale ndi zotsika mtengo alongo anu atamaliza sukulu. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tisananyamuke kubwerera kwathu tinapezeka nawo pa mwambo wa dalitsolo, Loŵeruka m'maŵa itatha Misa. Mayi aja anabwera pa galimoto yomweyo. Mwana wawo anali atakankhira mpando wakutsogolo kumbuyo kwenikweni, naikapo mtsamiro, ndipo potuluka anaŵagwira mikono yonse iŵiri nkuŵadzutsa pang'onopang'ono. Iwo anatiuza akuseka kuti ulendo wonse anayenda ngati akuperekeza mkwatibwi, ndipo pa hampu iliyonse ankadutsa chopingasa ngati nkhanu. Abambo mfumu anapemphera, nazungulira galimoto akuwaza madzi. Atafika pamene panaima mnyamatayo anaima, namuyang'ana, naviikanso chowazira, nkuthira madzi ambiri pa nsapato yake ya kumanja. Anthu onse anaseka, mnyamatayo anasekanso, koma tinaona kuti anaŵeramitsa mutu nthaŵi yaitali.

Lonjezo la pa bwalo la tchalitchi nlosavuta. Lidzayesedwa usiku wina msewu uli pululu, mnzake ali pambali akumuuza kuti aponde. Tiyeni timkumbukire m'mapemphero athu, iye ndi onse ogwira chiwongolero, makamaka Lamulungu lachitatu la mwezi wa November pamene dziko lonse limakumbukira amene anafera pamsewu. Ndipo inu amene muli ndi maganizo ena pa nkhaniyi, makolo kapena achinyamata, tilembereni. Mphasa pakhonde pano njotambasula. Tidzachezanso mwezi wamaŵa, Mulungu akalola.